Denga la a Nkhwazi Likudontha

Azakhali anga ankatchedwa a Wailesi, chifukwa akayamba kulalata panalibe wodziwa pozimitsira. Amuna awo anali a Nkhwazi, munthu wolemekezeka pagombe pathu. Ntchito yawo inali kukhala pansanja n'kumayang'ana nyanja. Akaona madzi ada ndi nsomba ankakuwa akuloza, asodzi n'kuthamanga ndi khoka. Khoka likatuluka, dengu loyamba linali lawo, ndipo banja lonse linkadalira dengu limenelo.

Kwathu kuli lamulo la nzeru zakuya: mkazi akaloza nyanja, nsomba zimathawa. Nsomba zathu n'zophunzira, zimasiyanitsa chala cha mwamuna ndi cha mkazi zili pansi pa madzi.

Chimene anzeruwo sankadziwa n'chakuti a Nkhwazi anachita ng'ala kalekale, ankangoona chifunga. Ine ndinkadziwa poti ndinakulira pakhomo pawo. Woona nsomba anali azakhali. M'mawa uliwonse ankakhala pansi pa nsanja kutsuka madengu, maso ali kumadzi. Mbalame zikayamba kugwera kumathanthwe, wailesi inkatseguka.

"Inu bambo, denga lija likudontha! Mudzakonza ine nditafa?"

A Nkhwazi n'kudzambatuka: "Kumathanthwe! Kumathanthwe!"

Nsomba zikakhala kumene mtsinje umathirira, nkhani inkasintha: "Achemwali anu aja mphika wanga abweza liti?" Zaka zisanu ndi zinayi mudzi unakhuta ndi mwano wa azakhali, uku ukutama maso a amuna awo.

Tsoka linabwera ndi chifundo. Asodzi anakhala upo, n'kugwirizana kuti munthu wamkulu chotere sangamatukwanidwe pagulu. Mwini khoka ndiye anayankhula.

"Mayi, kuyambira mawa pagombe pano musapondepo. Za madenga muzikakambirana kunyumba."

Azakhali anayang'ana amuna awo. Ndinalipo, ndinawaona akudikira. Pankangofunika mawu awiri basi. A Nkhwazi anakhosomola, n'kukonza chipewa.

"Zikomo akuluakulu, mwandipumitsa. Makutu anga anatopa."

Anthu anaseka mpaka kuwomba m'manja. Mtima unandiwawa tsiku limenelo, ndipo ukundiwawabe.

Milungu itatu a Nkhwazi analoza mwamphamvu ndithu, khoka n'kumatulutsa ndere, tsiku lina linabweretsako nsapato imodzi. Kenako asodzi anawatsitsa pansanja mwaulemu. Pansanja anakwezapo mkamwini wa mwini khoka, wa magalasi akuda, amene amathamangitsa anthu ndi khoka akangoona mthunzi wa mtambo pamadzi. Asodzi akuti m'nyanja nsomba zatha. Ena akuti payenera kuti pali mkazi wina amene analoza.

Dengu lija silibweranso. Azakhali amachapira anthu zovala, madzulo n'kuwaphikira amuna awo monga kale. Salalatanso, ndipo anthu akuyamikira kuti banja lija tsopano lakhazikika.

Dzana ndinawapeza awiriwo pakhonde, pomwe nyanja imaonekera pakati pa nyumba ziwiri. Mbalame zinali kugwera kumathanthwe, madzi ali bii. Pagombe amuna anali kusewera makadi pamthunzi wa bwato.

Azakhali ananena chapansipansi, osacheuka n'komwe: "Bambo, denga likudontha."

A Nkhwazi anadzambatuka, dzanja lili m'mwamba, kukamwa yasa. Anaima choncho kanthawi. Kenako anakhalanso pansi pang'onopang'ono, n'kukanda m'mutu ndi dzanja lomwelo.