A Yeremiya Kachiwanda ndi Mgolo wa Makala

A Yeremiya anabadwira m'mapiri a Ntchisi m'chaka cha 1921. Sukulu ya mishoni anailekeza Sitandade 3. Ali mnyamata anapita ku Harare, kumene anagwira ntchito yofufuta zikopa ndi mankhwala otchedwa kromiyamu. Anabwerako ndi zipsera m'manja, nakhazikika kufupi ndi Mponela pamodzi ndi akazi awo, a Debora. Mumpingo mwathu ntchito yawo inali kusesa ndi kuliza belu.

Mu 1977 mkulu wina wa chipani anatsegula malo ofufutira zikopa kumtunda kwa mtsinje wathu. Madzi anasintha mtundu. Ana anayamba zilonda ndi kusanza, ndipo awiri tinawaika m'manda mwezi umodzi. Amayi ankawiritsa madziwo monga tinaphunzitsidwira, koma ana sanaleke kudwala. Mphunzitsi amene anadandaula anatengedwa pa galimoto, osabweranso. Tonse tinatseka pakamwa.

A Yeremiya mtundu wa madziwo anaudziwa. “Poizoni ameneyu sapsa ndi moto,” anawauza a Debora monong'ona. Ku Harare anaonapo makala akusefa madzi otere. Anatentha zitsononkho, nasinja makala ake, kuwaviika m'madzi a mandimu ndi kuwayanika. Anawathira mumgolo pamodzi ndi mchenga, nauimika kuseri kwa tchalitchi. Amayi ankabwera mmodzimmodzi ndi ndowa, akucheukacheuka.

Tsiku lina kunafika anyamata a chipani.

“Madala, mukuti chitukuko chikupha anthu?”

A Yeremiya anawayankha, tonse tikumva.

“Ana anga, inu ndikukuopani kwambiri. Koma ndatopa kukumba manda aafupi.”

A Debora anagwada. “Atsibweni anu awa, ndi okalamba!”

A Yeremiya anawatenga ndithu, mgolo nkuugubuduza. Miyezi isanu sitinadziwe ngati ali moyo. A Debora ndi amayi a Mvano anapitiriza kusefa m'mitsuko yoboola pansi, m'nyumba zawo, zitseko zili zotseka. Chaka chimenecho sitinaikenso mwana.

A Yeremiya anabwerako khutu limodzi litagontha. Za kundende sanafotokozepo, ndipo galimoto ikamveka pamsewu ankanjenjemera mpaka imfa yawo.

Anamwalira mwamtendere mu 1989, m'mawa, titawaimbira nyimbo. Abusa atafunsa ngati ali ndi mawu otsiriza, anati, “Ambuye ndikawapeza, musadandaule. Koma makala amatopa. Muzisintha mwezi ndi mwezi, ndipo akalewo muzikwirira kutali ndi kosewera ana.”