Mano atatu a amayi anga

Amayi anga, a Graciete, akhala akusoka mikanjo yakuda ya ophunzira a ku Coimbra kwa zaka makumi atatu ndi zisanu, koma pa yunivesitepo anangopondapo kawiri, kokasiya katundu. Anabwera m'tauni muno kuchokera kumudzi wa kumapiri ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Anayamba ndi kuchapa zovala za anthu, kenaka anaphunzira singano ndipo sanaisiyenso. Kutali kumene anafikako ndi ku Figueira, ola limodzi pa sitima, ndipo anabwerako akudandaula mphepo. Mano anayamba kuwathera ine ndili wamng'ono. Akutsogolo onse ndi oikirira, enieni anatsala atatu okha kumbali, ndipo ine ndinkati amawasamala kuposa mwana wawo.

Bambo atamwalira, amayi anayamba kuchititsa lendi chipinda cha pamwamba pa shopu yathu yosokeramo kwa ophunzira akunja, aja obwera miyezi isanu n'kubwerera kwawo. Anadutsamo ambiri, ine Benedita osawalabadira n'komwe. Kenaka kunabwera Kinga wa ku Poland.

Kinga ankati anabwera kudzaphunzira, koma likangofika Lachinayi chikwama chili kumsana. Sabata ino ali ku Porto, yamawa ku Sevilla, inayo wakwera ndege yotchipa wa ku Roma. Ine mwini dera, wa chaka chachitatu pa maphunziro a zamankhwala, Loweruka lililonse ndili m'shopu kuyeza mapewa a anthu. Pobwera ankawatengera amayi kamaginito kokongoletsera firiji, iwo n'kukamata mosamala ngati chithunzi cha woyera. Akatero ankakhala awiriwiri m'khitchini, Kinga akuonetsa zithunzi pafoni, chilankhulo chathu akuchithyolathyola, amayi akuseka mpaka kugwira pakamwa kuti mano angagwe.

"Benedita, tabwera udzaone! Mwanayu wafika mpaka ku Roma."

"Mayesonso akalembera ku Roma komweko?"

"Iwe, nsanje idzakuondetsa."

Sananame. Nsanje inalipo, ndipo inkandidya usana ndi usiku. Lamlungu lina anaphika mpunga wa mkaka ndi shuga, pamwamba n'kulemba K wamkulu ndi ufa wonunkhira wa sinamoni. B wanga ndinamuona komaliza ndili ndi zaka khumi. Kudya ndinadya, sindikana, mbale ziwiri.

Zonsezi ndikanapirira pakanapanda nkhani ya mkanjo. Kwathu kuno mkanjo wa wophunzira sauchapa, ndipo amene amakukonda amaung'amba pang'ono m'mphepete mwam'munsi, ndi mano: abale mbali imodzi, anzako mbali inayo, wachikondi pakati. Chikondi chikatha, umatenga singano n'kusoka pong'ambikapo. Wanga anasoka amayi ndi manja awo, nsalu yake yokhuthala kuposa ya wina aliyense, kuti mwana wawo asazizidwe. Anzanga anali ataung'amba kasanu ndi kamodzi. Mbali ya abale inali yosalala ngati yochokera kumene pamakina. Ndinapempha chaka choyamba, ndinapemphanso chachiwiri.

"Mawa, mwanawe. Sukuona kuti ndili ndi ntchito?"

Mawa la amayi silinkafika. Ndinasiya kupempha, koma nthawi iliyonse ndikavala mkanjowo dzanja linkapita lokha kumbali imeneyo.

Mu Januwale, kutatsala sabata imodzi kuti anyamuke, Kinga anagula mkanjo wakale m'shopu mwathu kuti akaonetse kwawo. Tsiku lina ndikuchokera m'kalasi ndinaupeza atauyala pampando wa m'khitchini. Mbali ya abale inali yong'ambika.

"Andichitira ndi Amayi Graciete," anatero Kinga, nkhope ili ngwee. "Akuti ndine mwana wawo wa ku Poland."

Ndinamwetulira, mano okha. Mawa lake Kinga anakwera sitima ya ku Lisbon pa ulendo wake womaliza wokaona malo, amayi anapita kumsika. Ndinatenga singano ndi ulusi wakuda, ndinakhala pansi, n'kusoka pamene panang'ambidwapo mpaka kutseka. Sizinanditengere nthawi. Nditamaliza ndinamva bwino kwambiri, ndipo sindibisa.

Masana amayi anandiitana m'shopu. Anali pa makina awo, magalasi ali pansonga pa mphuno, mkanjo wa Kinga uli pamiyendo.

"Msoko wokhotakhota chonchi ndi wa munthu mmodzi yekha m'tauni muno. Zaka zonsezi ndinakuphunzitsa chiyani?"

"Eya, ndine!" Mawu anatuluka okha. "Zaka zitatu ndikukudikirani, inu mawa, mawa. Wabwera mlendo wa miyezi isanu ndi timaginito take, tsiku limodzi lokha mwamung'ambira. Ine munanditola kuti, Amayi?"

Anatenga kampeni kawo kophwasulira, anachotsa ulusi wanga wonse mosafulumira, n'kundiponyera mkanjowo.

"Mwana wa telala iwe, taona m'mphepetemo. Mano amadula chonchi?"

Ndinayang'ana. Mzere unali wowongoka, wopanda kaulusi n'kamodzi komwe kolendewera. M'mawa momwemo ndinali nditaugwira m'manja mwangamu, ndinausoka ndekha, koma mkwiyo unanditseka maso. Inali ntchito ya sizasi.

"Kinga ndi mwana wabwino, kusiyana kwake sakudziwa. Apite kwawo akusangalala, palibe chaipa. Koma iwe ndikupatse za sizasi, anzako akakuseke?" Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta pa epuloni, osandiyang'ana. "Ndinayesa chaka choyamba chomwe, iwe uli m'kalasi. Mano ogulawa anatsalira pansalu. Ndinawatola pansi pa tebulo apo. Ndikanakuuza bwanji zimenezo? Enieniwa adokotala anati akugwedera, ndisalumire chinthu cholimba."

Manyazi anandigwira kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinafuna kulankhula, koma anandidula.

"Katenge mkanjo wakowo."

"Ayi, Amayi, basi. Ndamva."

"Ndati katenge. Ukufuna ndikwere ndekha masitepe?"

Ndinakautenga. Amayi anakhoma chitseko cha shopu, chinthu chimene sachita masana ngakhale pa maliro a mnansi. Anachotsa mano oikirira n'kuwaika m'kambale ka mabatani. Chibadwire ndinali ndisanawaonepo opanda mano, ndipo nkhope yawo inachepa nthawi yomweyo, n'kusanduka ya nkhalamba imene sindinkaidziwa. Anafunafuna mbali ya abale, anapendeketsa mutu, n'kuluma ndi atatu a kumbali aja.

Nsalu inakana. Anapuma, anapukuta pakamwa.

"Anasankha ndani chinsalu chimenechi? Mfiti yeniyeni."

"Amayi, chonde, siyani."

"Khala chete, ugwire uko."

Ndinagwira. Analumanso, akukoka ndi manja onse awiri, mitsempha ya m'khosi ili gwa. Kunja wina anagogoda, anadikira, n'kumapita. Patapita nthawi ndinamva nsalu ikulira pang'ono, kwee. Panang'ambika pang'ono pokha, posakwana ngakhale chala changa chaching'ono, pokhota, timaulusi tili mbali zonse, m'mphepete muli kadontho kofiira.

Amayi anatulutsa kampango m'thumba la epuloni, analavuliramo, anayang'ana chimene chinali m'menemo, n'kukapinda kanayi n'kubweza m'thumba. Anandipatsa mkanjo wanga, natambasula dzanja kukatenga mano m'kambale kaja.

"Usalire, chitsiru iwe," anatero. "Awiri akwana kudyera mpunga wa mkaka."