Nthungululu Pakhola la Chifunga

Ntchito yanga yoyamba ku Rotherham, kudziko la azungu, ndinaipeza kudzera mwa gogo wina wachizungu amene mkazi wanga ankamusamalira. Mwana wa gogoyo, a Maureen, ankasunga mahatchi ogwidwa kumapiri, osadziwa dzanja la munthu, n'kumawaweta mpaka awapezere owagula. Ankafuna wochotsa ndowe. Ine hatchi ndinkangoionera pa kanema, koma ndinavomera.

M'mawa uliwonse ndinkavala mabuti, kutenga foloko ndi wilibala, kenako kuswa ayezi m'ndowa zamadzi mpaka zala kuchita dzanzi. Koma yotopetsa zedi inali ntchito yongokhala. Panali hatchi yotuwa imene ndinaitcha Chifunga. A Maureen anazondotsa ndowa m'khola mwake nati, "Khala apa. Osaiyang'ana m'maso, osalankhula." Nyengo yonse yozizira inandithera pandowapo. Pang'onopang'ono Chifunga anayamba kununkhiza dzanja langa, mpaka analola chingwe cha kumutu. Chinatsala n'kumupezera mwini.

A Mbewe, mkulu wa mpingo wathu, anamva kuti mahatchi oterewa amaperekedwa motchipa. Mwana wawo Tadala ankalirira hatchi ngakhale anali asanakwerepo. Atandifunsa zoigula, ndinawauza za mtengo wa udzu, dokotala wa ziweto, wodula ziboda, ndi nthawi imene anthu a mashifiti alibe.

"Achimwene," anaseka, "abulu tinkakwera ku Dedza. Hatchi ingatikanike?"

A Maureen analola kuti abwere awiri okha, a Mbewe ndi Tadala, kudzangoona. Koma kwathu chinthu chabwino munthu sakachilandira yekha. Lamulungu titaweruka kutchalitchi, pageti panaima minibasi yodzaza amayi a kwaya. Ndinawapempha kuti aime kumpanda mwakachetechete, ndipo anayesetsadi.

Ndinagwira chingwe, Tadala nayandikira cham'mbali monga ndinamuuzira. Chifunga anatsitsa mutu, mwanayo nakhudza mphuno yake. Pomwepo mayi a Tadala, chimwemwe chitawasefukira, anaimba nthungululu, anzawo nalandira.

Chifunga anaimirira ndi miyendo iwiri. Ndinamukankhira Tadala kumbali, chingwe chinandisupula zikhato, hatchi inakadzimenyetsa pageti lachitsulo n'kung'ambika mwendo. Dokotala anachita kuigoneka kuti asoke.

"Pepani," anatero a Mbewe, chipewa chili m'manja. "Timangosangalala."

Sindinakwiye nawo. Ndinangotopa, kutopa kofika m'mafupa. Za hatchi sanazitchulenso, ndipo wina aliyense akandifunsa lero ndimamuuza mosabisa: hatchi yam'tchire njotchipa tsiku loitenga lokha, ndipo siyophunzirirapo kukwera. Imafuna munthu woti angathe kukhala chete ngakhale mtima ukuvina.

M'mawa mwake a Maureen anandipatsanso ndowa ija. Ndinaizondotsa ndi manja omanga mabandeji, n'kukhala. Chifunga anaima pakona yakutali, akunjenjemera, ngati sitinaonanepo.