Ntchefu ya Malume a Levy

Inu amene mwakhala pansi manja ali m'khosi, senderani kuno. Ine Wilkins ndayenda. Ndadya nsomba yaiwisi ku Tokyo, ndagona m'mahotela a ku London kumene munthu wa chipewa chachitali amakutsegulira chitseko, ndipo zonsezi ndinaziyamba ndi wilibala yobwereka pamsika wa Limbe. Nkhani zanga n'zokoma, koma lero ndizisunga. Ndikuuzani za mnzanga wa ku Zambia, Ackim Mumba.

Mu Novembala 1976, Ackim anaima pachipata cha nyumba yosungiramo katundu ku Landover, kuno ku America, atavala majekete awiri opatsidwa kutchalitchi. Kapitawo anamuyang'ana n'kupukusa mutu. Ganyu panalibe, ndipo sikanali koyamba kumubweza. Ankagona pansi m'chipinda cha anyamata ena a ku Lusaka. Chisanu cha kuno chinkamuluma makutu ngati mavu.

Mufunsa kuti munthu wa m'chigwa cha Luangwa anafika bwanji kumeneko.

Ackim anali mwana wamasiye. Anamulera ndi malume ake, a Levy, katswiri wolondola mapazi a nyama pamsasa wa alenje achizungu, kuja kumabwera anthu olemera a ku America kudzaomba mbidzi, nyumbu, nswala ndi ntchefu. A Levy ankatsogola maso ali pansi, Ackim pambuyo atanyamula mfuti ya mlendo. Kunyamula kokha. Pamsasa umenewo munthu wakuda ankapeza nyama, kuiloza ndi chala, kuisenda, koma kuomba ayi. Ndipo a Levy sankalola zosaka mobisa m'banja mwawo.

Tsono kwawoko kuli mwambo. Nyama yoyamba imene mnyamata wagwetsa ndi mfuti, iye sailawa. Amakaitula kwa amene anamuphunzitsa tchire, ndipo mphunzitsiyo akadya, m'pamene mnyamatayo amatchedwa mlenje. Ackim anakula, ndevu zinamera, koma nyama yake yoyamba inali isanagwe.

Mlendo wina wa ku Maryland anakonda manja a Ackim, n'kumupempha kuti apite naye akamusamalire pakhomo. Tsiku lonyamuka, Ackim anagwada pamaso pa malume ake.

"Amalume, ndidzabwera. Ndidzakugwetserani ntchefu. Inu mukulondola, ine ndikuomba."

A Levy anaseka mpaka kutsokomola. "Ntchefu? Iwe amene unakwera mumtengo pothawa njiri? Pita, mphwanga. Ndidikira."

Mzungu uja anamwalira patangopita zaka ziwiri. Ana ake anagulitsa nyumba, ndipo Ackim anapezeka panja ndi kachikwama kamodzi. Kubwerera kwawo chimanjamanja kunamuchititsa manyazi kuposa njala.

Tsiku lomwe anabwezedwa pachipata lija, akuyenda wapansi m'mbali mwa msewu, anamva fungo limene ankalidziwa kuyambira ali mwana: magazi a nyama ya m'tchire. Inali nyengo imene anthu a kuno amasaka mbawala zawo. Kuseri kwa shedi ina, nkhalamba yachizungu, a Goodwin, inali kulimbana ndi mulu wa mbawala zimene alenje anabweretsa. Chingerezi cha Ackim chinali choduladula, koma anatambasula dzanja n'kunena mawu amodzi: mpeni.

Dzuwa lisanalowe, mulu uja unatha. A Goodwin anamuuza kuti abwerenso mawa lake.

Musaganize kuti basi zinatheka pamenepo. Kusenda inali ntchito ya nyengo imodzi. Ntchito yeniyeni ya a Goodwin inali yokonza mitu ya nyama kuti ikapachikidwa pakhoma izioneka ngati yamoyo: kuumba khosi, kuvundikira chikopa, kusoka, kuika maso agalasi. Ackim anapempha kuti aphunzire.

Mutu wake woyamba unali tsoka. Diso lina linkayang'ana ku Baltimore, lina ku Virginia. A Goodwin anaseka mpaka kukhala pansi.

"Ackim, iyi ndi mbawala kapena mbuzi yodwala dzino?"

Anausola wonse n'kuyambiranso. Wachiwiri unathothoka ubweya. Wina mwini wake anaukana pamaso pake, n'kumutukwana. Mankhwala ofufutira zikopa anamusupula zala, moti nthawi zina ankalephera kumanga mabatani a malaya. Madzulo ankapita kusukulu yachingerezi akununkha zikopa, anzake n'kumasendera kutali. Sanasiye.

Pang'onopang'ono manja anamvera. Ndipo Ackim anali ndi chuma chimodzi m'mutu: anakulira pakati pa nyama zamoyo. Ankakumbukira mmene nswala imaimikira makutu ikamva kamtengo kuthyoka, mmene ntchefu yamphongo imalemerera khosi. Alenje a kuno obwerako kosaka ku Africa anayamba kuuzana za iye. A Goodwin atapuma ntchito, anamusiyira zipangizo zonse, ndipo mu 1981 Ackim anatsegula malo akeake ku Gaithersburg, dzina lake litalembedwa pagalasi. Anakwatira Mutinta, namwino wa ku Mazabuka.

Ine ndinamudziwa nthawi imeneyo, paphwando la Amalawi ndi Azambia ogwira ntchito m'mabanki a ku Foggy Bottom. Galimoto zanga, zimene zinali kale zambiri ndithu, ndizo zinayamba kumunyamulira mabokosi a nyanga ndi zikopa kuchokera kudoko. Tinakhala pa ubale. Nkhani ya ntchefu ya malume ake ankaikamba paliponse, mpaka ana athu ankaimaliza okha m'Chingerezi.

Chaka china ndili pa ulendo wa malonda kuchokera ku Lusaka kupita ku Lilongwe, ndinapatuka pa Petauke n'kulowa m'fumbi kukawaona a Levy. Munthu ngati ine sasochera. Ndinawapeza atasiya ntchito, akusema mpini pakhonde. Ndinawauza za galasi lolembedwa dzina, za galimoto, za nyumba.

"Zonsezo n'zabwino," anatero. "Mukamuuze abwere. Ndi mfuti kapena wopanda mfuti, abwere."

Mawuwo ndinawafikitsa osachotsapo kanthu. Ackim anapukuta manja pa epuloni.

"Ba Wilkins, manje siningayende. Nizayenda monga bwana. Nifuna nikagone mu tenti ya alendo, amalume akaone na maso yao kuti mwana wao sanyamulanso mfuti ya munthu."

"Iwe, tikiti ya ndege uli nayo m'thumba. Pita ukaombe kagwape, akulu adye."

"Gwape? Ine ninakamba ntchefu."

Naye Mutinta ankanena zomwezo kunyumba. Koma ulendo wosaka ngati mlendo wolipira si masewera, ndipo chaka chilichonse panali chifukwa. Chaka chino denga la shopu. Chaka chamawa mwana wabadwa. Chinacho oda yaikulu imene munthu sangaikane. Ntchito inkakula, ndipo ulendo unkasunthira kutsogolo.

Ananyamuka mu 1987, m'chilimwe. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza yekha atabwerako, titakhala pamabokosi kuseri kwa shopu yake.

Zonse zinayenda monga analotera. Anagona mu tenti ya alendo. Wophika tiyi anamutcha bwana. Koma atatuma galimoto kuti ikatenge a Levy, inabwerako yopanda munthu. Akuluwo maso anali atachita khungu, miyendo inali itatha. Amene anamulondolera nyama anali munthu wina, wachilendo.

Anayenda m'mitengo ya tsanya masiku angapo, thukuta lili kamukamu. Kenako anaiona: ntchefu yamphongo, yakale, khosi lotuwa. Ackim amene ananyamula mfuti za anthu ubwana wake wonse anaika yake paphewa. Chipolopolo chimodzi chinakwana.

Anainyamula yonse pagalimoto mpaka kumudzi. Anthu anathamanga, amayi analuluta. A Levy anawatulutsa atawagwira mkono, n'kuwakhazika pamphasa. Ackim anagwada, n'kutenga manja awo kuwaika panyanga. Akuluwo anasisita nyangazo kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, kenako anasiya n'kufufuza nkhope ya Ackim.

"Wanenepa," anatero.

Anawotcha nyama ya pachifuwa, yonona, n'kuwapatsa. A Levy anaika nthuli m'kamwa, anaitembenuza uku ndi uku, anaitembenuzanso. Kenako anaitulutsa mwakachetechete n'kuiika pambali. M'kamwamo munalibe dzino ndi limodzi lomwe.



"Ndipatseni msuzi," anatero akuluwo. Anamwa pang'ono, n'kupukuta pakamwa. "Ndadya. Imvani nonse, Ackim ndi mlenje."

Anthu anaomba m'manja. Koma a Levy anamukoka Ackim pafupi, n'kulankhula motsitsa.

"Ndi yaikulu, mphwanga. Koma ine sindinkadikira bwana. Ndinkafuna ndiyende patsogolo pako kamodzi kokha, ndikulozere ndi chala changa. Gwape akanakwana."

A Levy anamwalira mvula isanagwe. Ackim, munthu amene wakonza mitu ya nyama ya anthu osawerengeka, mutu wa ntchefu yake sanabwere nawo. Anati sakanatha kumauyang'ana.

Nkhani yake inathera pamenepo. Kutsogolo belu la pachitseko linalira. Ackim anaimirira, anapukuta m'maso ndi epuloni, n'kupita kukalandira kasitomala.

Lero ali ndi antchito ake, ndipo anyamata angapo a kwathu amene anafika kuno opanda pogwira anaphunzira ntchito m'manja mwake. Lamulo lake pashopupo ndi limodzi: wantchito aliyense amene ali ndi kholo lamoyo kumudzi, akangokwanitsa tikiti, amamuthamangitsa kuti apite. Wina akati adikire kaye agule suti, Ackim amamulanda epuloni.

Tsono iwe amene waima pachipata lero, kapitawo akukupukusira mutu, usagwe mphwayi. Munthu amene ankagona pansi ku Landover dzina lake lili pagalasi ku Gaithersburg. Pempha mpeni, sola zimene walakwitsa, yambiranso. Osataya mtima, ngakhale pang'ono.

Koma pokwera, kumbukira kuti amene anakulera sakudikira ulemerero wako. Akudikira iweyo. Usadikire ntchefu. Ukapeza gwape, nyamula, pita naye kwawo akadali ndi maso okuonera ndi mano odyera.