Chingwe cha m'khwapa mwa Esinati

Ndinaganiza zochoka ku Mitundu patangopita chaka chichitikire chisankho choyamba cha matipate, nditaona kuti fodya wathu wasanduka ntchito yolimira ena. Amayi sanandiletse. Anangoti ndikafika ku Joni ndisakaiwale kumene ndachokera.

Ntchito ndinaipeza pa chipatala china, yokolopa ndi kusintha nsalu m'chipinda cha sikani, makina ounikira m'thupi aja. Kunena zoona ndinkasungulumwa koopsa. Lamlungu ndinkangodzitsekera m'kachipinda kanga n'kumabwereza makalata akale. Ndalama ndinkapatsira madalaivala a mathiraki, ndipo makalata obwera nawo ankangofanana: tonse tili bwino, mvula yayamba, tumiza kangachepe.

M'chipinda chija ndinaona zambiri. Azimayi ochotsedwa bere chifukwa cha khansa ankabwera akulira, mkono ukukanika kukwera, m'khwapa mutatuluka chinthu chokungika ngati chingwe. Adokotala ankapaka mafuta n'kuyendetsa kachipangizo pakhungu. Akapeza kuti palibe chotupa, ankawauza kuti si khansa yabwerera, ndi timitsempha touma chifukwa cha opaleshoni. Mankhwala ake n'kumawongola mkono pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku.

Patatha zaka zinayi ndinabwera kudzaona abale osadziwitsa munthu. Mng'ono wanga Esinati, amene ndinkati ali kubanja ku Nathenje, ndinamupeza atagona pakhonde pa amayi, mkono atamumangirira pachifuwa ndi chitenje. Bere anamuchotsa m'tauni miyezi itatu m'mbuyomo. Chingwe chitatuluka, mwamuna wake, munthu amene ngakhale jekeseni amathawa, anasanduka dokotala: ati matenda afalikira. Anamubweza kuti adzafere m'manja mwa amayi ake. Amalume anamutengera kwa sing'anga, amene anatema mphini motsata chingwecho, ati akudula zimene adani anamanga. Kuchipatala sanamubwezereko. Ati kukatani, poti munthu watha kale.

Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinamasula chitenje chija amayi akukuwa kuti ndimupha. M'mawa mwake tinakwera minibasi ya ku Lilongwe. Tinayendera masiku atatu tisanapeze mpata pa sikani, ine ndikukangana ndi aliyense wovala yunifolomu. Adokotala anaunika m'khwapa monse n'kutionetsa kamzere kopyapyala pagalasi. Chotupa panalibe. Anatikalipira chifukwa cha mphini zija, zomwe zinali zitayamba mafinya, ndiponso phewa lomwe linauma chifukwa chomangidwa. Anati mwina mkonowo sudzakweranso ngati kale.

Esinati anayamba kukwawitsa zala pakhoma m'mawa uliwonse monga anamuuzira. Misozi inkatuluka, koma zala zinkakwera. Za ku Nathenje sankafuna n'kumva komwe.

Ine mkwiyo sunkandichoka. Tsiku lina tikutong'ola chimanga ndinawafunsa amayi chifukwa chimene sanandilembere. Makina amenewa ndinkawapukuta ndi manja angawa tsiku lililonse, kalata imodzi yokha ikanapulumutsa mkono wa mwana wawo. Poyamba anati munthu wakutali sauzidwa zoipa, angachite ngozi panjira. Ndinawayankha kuti zimenezo akanamize ana. Anayamba kutola njere zogwera kunja kwa mphasa.

"Tikanakuuza ukanasiya ntchito n'kubwera," anatero osandiyang'ana. "Nanga ife tonse pano akanatidyetsa ndani?"