Mlendo Wosamva Chichewa

Ku Glasgow sindinapite mwakufuna kwanga. Ndinaika chule m'chikwama cha aphunzitsi a masamu, sukulu inandichotsa, ndipo bambo anaimbira foni mayi, amene ndi namwino kumeneko. "Mutengeni mwana wanuyu asanandiphe."

Ndinafika ku Dennistoun, dera limene mayi amakhala, ndikuyembekeza achimwene anga a Tadala, aja ankanyamula thumba la chimanga ngati pilo. Ananditsegulira chitseko atavala siketi.

"Tseka pakamwapo, Yami," anatero. "Kuyambira lero ndine achemwali ako."

Anali atayamba mankhwala a mahomoni a kuchipatala. Ine anzanga ndinalibe, mvula tsiku ndi tsiku, mdima kugwa tisanafike kunyumba pochokera kusukulu. Ndiye kanema wanga anali iwowo. Mabere anaphuka ngati a namwali, akupweteka moti basi ikadumpha ankatukwana chamumtima. Khungu linasalala, mafuta anasamukira m'chiuno, ndevu zinayamba ulesi pomera. Mphamvu zinachepa: botolo la jamu ndinkalimangitsa dala kuti andipemphe mwaulemu. Misozi nayo inali pafupi, mpaka kulirira galu wa pa TV.

Koma mawu anakana. Adokotala anawauziratu kuti mankhwalawo sasintha mawu. Besi yomweyo ya kukwaya! Choncho Lamulungu lililonse ankaimbira bambo ku Chirimba, n'kutumizako ya magetsi, bambo osadziwa kanthu. Bambo akati tiwonane pa foni, kamera inali "yowonongeka". Mayi ankangoti, "Nkhani imeneyo siyanga, mukawauze nokha."

Tchuthi chathachi a Tadala anati atopa kubisala m'foni. Tinakwera ndege awiri. Sanadye, sanagone, kumangopita kuchimbudzi. Pa Chileka anatuluka ali mu wigi ndi magalasi akuda. Bambo, ali ndi azakhali athu, anandikumbatira maso ali kumbuyo kwanga, kufunafuna mwana wawo wamkulu. A Tadala anali pambali pawo penipeni, bambo osawazindikira.

Kamzimu kanga kaja kanadzuka.

"Achimwene atsalira, ntchito," ndinatero. "Awa ndi anzawo a ku Jamaica. Chichewa samva."

A Tadala anandiponda phazi, koma sanatsutse.

M'galimoto azakhali anamasuka, akucheza ndi bambo. "Ee, koma Tadala amadziwa kusankha! Achimwene, taonani chiunocho. Ameneyu atiberekera mapasa. Koma mapaziwo ndiye ayi, ngati a mlonda."

Ine kuluma malaya kuti ndisaphulike.

Bambo sanaseke. Anayendetsa galimoto kwa kanthawi, kenako anati, "Chipinda chake ndapaka laimu ndekha. Nkhope yake amandimana, lero wanditumizira mlendo. Kaya ndinamulakwira chiyani mwana ameneyu."

Misozi ija siichedwa. Magalasi anachoka, besi inatuluka.

"Ababa, simunandilakwire. Ndabwera."

Azakhali anakuwa "Yesu!" chikwama chili kumaso. Bambo anaimika galimoto pambali pa msewu, natembenuka. Anayang'ana nthawi yaitali: nkhope, pachifuwa, nkhopenso. Ndinadziwa kuti wina atsika m'galimoto muno.

"Yamikani."

"Wawa."

"Tsika. Uyende wapansi."

Ndinayenda, dzuwa likundiwotcha ngati landisowa, akabaza akundiseka ndi jekete langa la ku Scotland. Nditafika ndinapeza azakhali atapita kwawo osatsanzika. Bambo ndi a Tadala anali pakhonde, benchi imodzi, pakati pawo pali mpata woti n'kukhala anthu awiri. "Mwana wanga wamkazi" bambo sananene, ndipo mpaka tinabwerera sanatero. Ndinangowamva akuti, "Kumsika usapite wekha. Anthu a kuno ndimawadziwa. Ukafuna kanthu, tipitira limodzi."

Kwathu ndi kumeneko: geti n'lotseka, koma a Tadala ali mkati mwake.

Onse akuti ndipepese. Ndipepese chiyani? Pakanapanda ine, bwenzi anthu awiri aja akanali chiimire pa Chileka.