Mlaliki wa Kunja kwa Waya

A Heriberto Lugo analalikira zaka zambiri ali kunja kwa waya wotchinga bwalo la masewera. Guwa lawo linali kangolo kogulitsira limber, madzi a zipatso oundana m'timakapu. Mpingo wawo unali wa othamanga ndi odumpha a pakoleji ya m'tauni yathu, kummwera kwa Puerto Rico, amene ankabwera pawayapo thukuta lili kamukamu. Ukagula kapu ya kokonati, vesi linali la basela, ufune usafune. Anawo ankawatcha Don Berto, ndipo ambiri anaphunzira kupemphera pomwepo, dzanja limodzi litagwira waya.

M'bwalomo sankapondamo. Anawaletsa ndi kochi wamkulu, a Wilfredo Santiago, mnzawo wa paunyamata. Awiriwa kale ankapikisana pa liwiro lija lodumpha zipika ndi dzenje la madzi. Chinawadanitsa ndi mnyamata wina waliwiro amene anatembenuka mtima pakangolopo, n'kutaya nsapato zake, ati mpikisano ndi za m'dziko. Anachita izi makoleji onse a pachilumba ali pafupi kukumana, ndipo chikho chinapita kwina. A Wilfredo anakhoma geti tsiku lomwelo.

"Yesu wakoyo amandibera othamanga," anatero. "Akhale kunja konko ndi iwe."

Mawu amenewa ankawawa a Berto usana ndi usiku, pakuti ankalikonda bwalolo, ndipo ankamukondanso mnzawo wouma mutuyo. Komabe m'mawa uliwonse ankalonjerana ndi chipongwe.

"Berto, chimimba chimenecho ndi Mzimu Woyera kapena mpunga?"

"Iwe samala dazilo, likuthobwa ana m'maso akamadumpha!"

Ndiye kunabwera Glendaliz Cuevas, mtsikana wa kumapiri, wosayankhulayankhula, amene ankadumpha dzenje la madzi ngati akudumpha ngalande ya kuseri kwa nyumba. A Wilfredo anaika mtima wonse pa iye. Naye anatembenuka mtima pakangolo ka a Berto. Atapita kwawo kukanena nkhani yabwinoyo, anabwerako atavala siketi yokwekwereza pansi.

"Don Berto, ndasiya kuthamanga," anatero maso ali pansi. "Titi Monse akuti mkazi wopulumutsidwa saonetsa ntchafu pagulu."

Titi Monse anali azakhali ake amene anamulera, mtsogoleri wa amayi pa kampingo kena ka kumapiriko. A Berto asanayankhe, a Wilfredo anali atafika kale pawaya, mitsempha ya m'khosi ili njo.

"Wayambanso eti? Tamvera. Mwana uyu akapanda kuthamanga, ndikauza a koleji akuchotse pano ndi kangolo kakoko. Ndipo aliyense wa ine amene adzapemphere nawe, mutimu mwanga atulukemo."

Sankanena zocheza. Lamulungu lake a Berto anakwera kagalimoto kawo kokhosomola n'kulunjika kumapiri. Anapeza Titi Monse, mayi wamfupi, tsitsi lomanga kumbuyo, maso akuthwa. Anawapatsa khofi ndi mpando, koma nkhope sanawapatse.

"Mlongo, miyendo ya mwanayu anaumba ndani?" a Berto anayamba.

"Musandiphunzitse Baibulo, mbale. Ine ndinkaliwerenga inu mukuthamanga ndi kabudula."

A Berto anaseka mpaka khofi kuwatsamwa. Anaona kuti pa mavesi apa sapambana, popeza mayiyu ankawadziwa ngati mayina a nkhuku zake. Choncho anabwerera njira ina.

"Kuno mumalalikira anthu angati? Ndikuona ngati ndi mbuzi zomwe zinalapa kale. Kubwalo kuja kumadzaza zikwi za ana, oledzera, otukwana, opanda wowauza mawu. Bwerani ndi amayi anu ndi malingaka anu. Mwanayu athamange kamodzi kokha inu mukuona. Mukapeza tchimo mwa iye, mutengeni, ndidzakutulani ndine pakhomo pano."

"Oledzera zikwi?" anafunsa Titi Monse, maso atawala ngati mlenje wouzidwa za nyama. "Kamodzi kokha, mwamva? Ndipo ndidzakhala kutsogolo."

Tsiku la mpikisano dzuwa linaswa mtengo. Bwalo la mumzinda linadzaza ndi ophunzira opaka nkhope utoto, ng'oma ndi malipenga zili pokopoko. Pakati pawo panadutsa mzere wa amayi a masiketi aatali, aliyense atakolekera lingaka lake lokhala ndi tizitsulo tolira.

"Amayi, maliro ali kuti?" anakuwa mnyamata wina, chitini cha mowa chili m'manja.

"Ndi ako, mwananga, ukapanda kulapa!" anayankha Titi Monse osatembenuka, ndipo anzake a mnyamatayo anagwa nako kuseka.

A Berto anakhala pamwamba penipeni. Mfuti italira, Glendaliz anakhala m'mbuyo mwa atsikana awiri a koleji ya kulikulu, osawapitirira, osawasiya. Titi Monse anali chilili, milomo atafinya, kufunafuna tchimo limene anabwerera. Pozungulira komaliza Glendaliz anaponda chipika cha padzenje, phazi n'kuterereka. Anagwera m'madzi thupi lonse, khuvu! Bwalo lonse linati zii.

Amene anaswa bata anali Titi Monse. Anakwera pampando, siketi atagwira ndi dzanja limodzi.

"Dzuka mwana iwe! Dzuka m'dzina la Yesu! Ukuwasiyiranji amenewo? Thamanga!"

Malingaka onse analira nthawi imodzi. Amayi anayambitsa kolasi, a malipenga anailandira, ndipo oledzera aja anaimba nawo ngakhale mawu sankawadziwa. Glendaliz anavuuka madzi ali chuchuchu, bondo likutuluka magazi. Anapitirira woyamba pokhota. Wachiwiri anamupeza pamzere penipeni n'kumuposa ndi chifuwa chokha. A Berto analira ngati mwana, osabisa, atakumbatira munthu amene sankamudziwa n'komwe. Kumunsi, Titi Monse anali akupsompsona mwana wawo, mwanayo akadali m'kabudula wake wothamangira.

Patapita masiku ochepa, Glendaliz anabwera pawaya ndi azakhali akewo kudzapempha ubatizo. A Berto, amene analinso mkulu wa mpingo, anati akonza zopita kunyanja. Ali m'kati mokambirana, anamva tcheni cha pageti chikugwa pansi. A Wilfredo anali ataima pamenepo, paipi ya madzi ili paphewa.

"Kunyanja n'kutali, mwanayu ali ndi masewera madzulo," anatero mokalipa, akuyang'ana kumbali. "Dzenje langa ndalitsuka, ndadzazamo. Dzenje ngati ili linamumiza kale kamodzi, kunangosowa wonena mawu. Lowa msanga iwe, ndisanasinthe maganizo. Ndi kangolo kakoko, ana asamavutike kuzungulira."

A Berto anakankha kangolo kawo kudutsa pageti. Timu yonse inazungulira dzenjelo, malingaka akulira. A Berto analowa m'madzi mpaka m'mawondo, n'kumumiza Glendaliz m'dzenje limene iwo anagweramo kambirimbiri ali anyamata, ndipo mtsikanayo atavuuka mfuu inamveka mpaka ku makalasi.

Atapukuta kumaso, a Berto anaona mnzawo atakhala pachipika, wenzulo ataika pansi, akumasula zingwe za nsapato.

"Wilfredo, ukutani?"

"Usandiyang'ane choncho," anatero a Wilfredo, akuviika phazi m'madzimo. "Ndikungofuna kumva ngati akuzizira. Koma usatuluke kaye."